Nyimbo zogula pa intaneti: zina ndi zakodi, zina kiyi ali ndi eni sitolo

Ndakhala ndikugula nyimbo pa intaneti kwa zaka zambiri ndithu, kuyambira nthawi ija anthu ankandiseka kuti iwe ukulipiriranji chinthu choti ukhoza kungochipeza chaulere, nde ndati lero ndilembeko mmene ndikuwaonera masitolo amenewa makamaka pa nkhani ya maloko omwe amaika pa nyimbo, aja amawatchula kuti DRM. Chigamulo changa ndinene poyambirira pomwe kuti aulesi owerenga asavutike: sitolo yogulitsa failo yosakhoma ndikuipatsa nyenyezi 5, yogulitsa failo yokhoma ndikuipatsa imodzi, ndipo imodziyonso ndi yaulemu chabe. Masitolo ambiri a nyimbo masiku ano ali m'gulu loyambalo, zimenezo tiyamike, koma musaganize kuti nkhani ya maloko inatha, inangosamuka malo.

Kwa amene simunakumane nazo, DRM imagwira ntchito chonchi. Failo ya nyimbo ija imabwera mkati mwake atasokonezamo dala moti pulogalamu wamba siingaiwerenge, kuti ilire pamafunika kiyi, ndipo kiyiyo sakupatsa m'manja ayi, amasunga eni sitolo pa seva yawo. Ukadina nyimbo koyamba pa kompyuta yatsopano, pulogalamu yawo ndi imene imakafunsa kuti kodi akaunti iyi ili ndi chilolezo, kodi kompyuta iyi tikuidziwa, kodi sanapyole malire. Akavomera nyimbo ikulira, akakana wangotsala ndi failo yodya malo pa disiki. Zili ngati wagula njinga ndi ndalama zako, risiti uli nayo, koma wogulitsa wasunga kiyi wa loko ndipo akuti uzikwera m'misewu yokhayo imene iye wasankha.

Amene anazitchukitsa kwambiri ndi a Apple. Sitolo yawo ya iTunes inatsegulidwa mu April 2003, nyimbo imodzi masenti 99 a dola, ndipo nyimbo iliyonse inkabwera ndi loko wawo wotchedwa FairPlay. Tinene chilungamo, poyerekeza ndi anzawo a nthawi imeneyo malire awo anali ofewerapo. Poyamba unkaloledwa kuliza nyimbo zako pa makompyuta 3, mu 2004 anakweza kufika pa 5, pa ma iPod, tizipangizo tawo tolizira nyimbo, ukhoza kuziika pa ochuluka mmene ukufunira, ndipo kuwotcha CD kunali kololedwa kungoti mndandanda umodzi womwewo wa nyimbo unkauwotcha ka 10, kenako anatsitsa kufika ka 7. Taonani pamenepo, malamulo anasintha anthu atagula kale. Ndi chimene chimandinyansa kwambiri pa DRM, zimene wagwirizana nazo lero sizimene zidzakhalepo mawa, mwini seva akhoza kuwonjezera kapena kuchepetsa iwe uli mtulo. Ndipo nyimbo zimenezo zinkalira makamaka pa zipangizo za Apple monga iPod ndi mu iTunes, ukagula kachipangizo kolizira nyimbo ka kampani ina, pepa, yambiranso kugula.

Nkhani ya makompyuta 5 ija ikumveka ngati yambiri mpaka utayamba kuwerenga. Laputopu yakale inafa mwadzidzidzi usanaichotse pa akaunti, imeneyo ikuwerengedwabe. Ina unaigulitsa, ikuwerengedwabe. Ina unaifomata n'kuikanso Windows, nthawi zina imaoneka ngati kompyuta yatsopano nde yadya malo awiri yokha. Njira yochotsera makompyuta onse pakamodzi ilipo koma amakulola kamodzi pachaka. Munthu wagula nyimbo kuti azimvera, mapeto ake akukhala kalaliki wowerengera makompyuta.

Koma kumene zinafika poipa penipeni ndi mbali ya mafailo okhoma a WMA, mtundu wa failo ya nyimbo wa Microsoft. A Microsoft mu 2004 anabweretsa chizindikiro chotchedwa PlaysForSure, kutsimikizira ogula kuti nyimbo yogula m'sitolo iliyonse ya chizindikirochi idzalira pa chipangizo chilichonse cha chizindikiro chomwechi. Mu 2006 iwo omwewo anatulutsa kachipangizo kawo kolizira nyimbo kotchedwa Zune, ndipo Zune yo siinkaliza nyimbo zokhoma za PlaysForSure kkkk, kampani imodzi maloko awiri osagwirizana. Sitolo yawo ya MSN Music inasiya kugulitsa chaka chomwecho, kenako mu 2008 analengeza kuti azimitsa maseva opereka makiyi, kutanthauza kuti nyimbo zako zizilira pa makompyuta omwe uli nawo panopo basi, ikafa kompyuta nyimbo zafera limodzi. Anthu atakwiya anaimitsa kaye ganizolo mpaka 2011. Chaka chomwecho cha 2008 a Yahoo analengezanso zozimitsa maseva awo, phokoso litakula analonjeza kubwezera ogula, a Walmart nawonso analengeza zofanana kenako n'kubwerera m'mbuyo. Makampani akuluakulu atatu chaka chimodzi. Ndipo malangizo omwe ogula ankapatsidwa anali oti wotchani nyimbo zanu pa CD msanga, eti, eni loko akukuuza okha njira yozembera loko wawo.

Ine zimenezi zinandipezapo ndi sitolo ina yomwe sinditchula dzina, inatseka kalekale. Ndinali ndi foda ya zimbale zomwe ndinagula kumeneko, ndakhala ndikuisamutsa kuchoka pa disiki ina kupita pa ina mosamala ngati chuma. Tsiku lina pa laputopu yatsopano ndadina nyimbo yoyamba, kawindo katulukira kakuti kakufufuza laisensi, kachizindikiro kakuzungulira, kakuzungulirabe, kenako uthenga woti seva siikupezeka. Ndadina yachiwiri chimodzimodzi. Chowawa chake n'choti chilichonse chikuoneka bwinobwino, dzina la nyimbo lilipo, la woyimba lilipo, kachithunzi ka chimbale kali pomwepo, kukula kwa failo kukuonetsa mamegabaiti ake onse, nyimboyo ili mkatimo ndithu koma palibenso munthu padziko pano woti angakupatse kiyi. Wodandaulira palibe, adiresi yawo ya pa intaneti inagulidwa ndi ena. Mnzanga amene zimbale zomwezo anazipeza mwakuba akumvera mpaka lero, pa foni, m'galimoto, paliponse.

Apa ndi pamene pagona mkwiyo wanga wonse. Loko ameneyu amavutitsa munthu amene walipira. Wakuba sakumana naye n'komwe chifukwa failo yake ndi MP3 wamba yochokera pa CD. Ndipo sikuti ndikunena ndekha, Steve Jobs mwini wake mu February 2007 analemba kalata yapoyera yonena kuti DRM siikuletsa kuba nyimbo, anapereka ziwerengero zoti mu 2006 nyimbo zokhoma zomwe zinagulitsidwa pa intaneti sizinafike 2 biliyoni pomwe makampani a nyimbo anagulitsa zoposa 20 biliyoni pa ma CD opanda loko aliyense. Iye ankaloza chala makampani anayi akuluakulu a nthawiyo, Universal, Sony BMG, Warner ndi EMI, kuti ndi omwe ankaumiriza maloko. Kaya zinali zochokera pansi pamtima kaya ayi, ine ndimakayikako pang'ono, chifukwa loko yemweyo ndi amene ankagwira anthu kuti asachoke pa iPod, komanso nthawi imeneyo ku Ulaya kunali kutatentha, ku Norway oyang'anira ufulu wa ogula anali atanena kale kuti kumangirira nyimbo ku chipangizo chimodzi n'kosemphana ndi malamulo awo. Koma mfundo yakeyo inali yoona.

Tikanena kuti ma CD analibe loko tisaiwale kuti ena anayesapo. Mu 2005 a Sony BMG anatulutsa ma CD omwe ukangolowetsa mu kompyuta ya Windows ankaikamo kapulogalamu kobisala mkatikati mwa sisitimu osakuuza bwinobwino, katswiri wina Mark Russinovich ndi amene anakatulukira n'kuulula, ndipo zinapezeka kuti kankatsegula mpata woti mavairasi azibisalamo. Anaitanitsa ma CD aja kuwachotsa m'masitolo, milandu inawagwera. Munthu wagula chimbale chenicheni, osati chokopera, mphoto yake kompyuta yaikidwa pa ngozi.

Zinthu zinatembenuka mwachangu pambuyo pake. EMI inavomera kuyamba, mu May 2007 kunabwera iTunes Plus, nyimbo zopanda loko za 256 kbps pomwe zakale zinali 128 (nambalayi ikakula mawu amamveka bwinopo), mtengo wake poyamba $1.29. Mu September chaka chomwecho Amazon inatsegula sitolo yake ya MP3 yopanda DRM, ndipo pofika 2009 Apple inachotsa maloko pa nyimbo zonse zogulitsa m'sitolo yake. Apa ndiwayamikire. Ukagula nyimbo pa iTunes Store lero umalandira failo ya AAC yomwe ukhoza kukopera pa fulashi, kuika pa foni ya Android, kuliza mu VLC, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Chomwe sindinachikonde ndi choti amene anagula kale zokhoma anauzidwa kuti alipire masenti 30 pa nyimbo iliyonse kuti alandire yosakhoma. Munthu wokhulupirika amene anagula nyimbo 500 masiku oyambirira, $150 ina pamwamba. Mxm.

Nde ngati muli ndi nyimbo zakale za nthawi imeneyo, kaoneni. Failo yothera ndi .m4p ndi yokhoma, yothera ndi .m4a ndi yomasuka, kusiyana kwake chilembo chimodzi chokha. Mu pulogalamu ya Apple mukhozanso kutsegula danga lolembedwa Kind, pamene palembedwa Protected dziwani kuti malire a makompyuta 5 aja akukugwiranibe mpaka lero, pamene palembedwa Purchased muli bwino. Njira yakale yowotcha pa CD kenako n'kukoperanso mu kompyuta imagwira ntchito koma mawu amatsikako, chifukwa nyimbo inali yofinyidwa kale pa 128 ndiye ukuifinyanso kachiwiri, pa sipika zazing'ono sungamve kusiyana koma pa mahedifoni abwino zinganga ndi mawu okwera zimamveka ngati zaphwanyika. Mapulogalamu othyola maloko aliko, ine sindikulozerani, ena ndi misampha ya mavairasi, komanso m'mayiko ambiri kuthyola loko pakokha ndi mlandu ngakhale nyimboyo unagula, ku America lamulo la DMCA la 1998 limanena zimenezo.

Failo yosakhoma siitanthauza kuti palibe chilichonse chokhudza iwe mkatimo. Za pa iTunes zimabwera ndi dzina lako ndi imelo ya akaunti yako zitalembedwa mkati mwa failo. Ena zimawapsetsa mtima, ine sizindivuta kwenikweni, nyimbo ikulira paliponse, siikundiletsa kanthu, ingodzandiulula ndikaimwaza kwa anthu chikwi pa intaneti. Pakati pa loko ndi chidindo ndisankha chidindo tsiku lililonse.

Chimene chimandivutabe ndi mawu akuti gula pa batani lija. Ukawerenga malamulo awo aatali aja omwe tonse timangodina kuti tavomera, umapeza kuti chomwe walipira ndi chilolezo chomvera wekha, osati umwini ngati wa CD. CD ukatopa nayo ukhoza kuigulitsa, kupatsa m'bale wako, kusiyira ana. Failo ayi. Kampani ina yotchedwa ReDigi inayesa kutsegula msika wogulitsana nyimbo zogula kale pa iTunes, a Capitol Records anaisumira, khoti la ku New York linagamula mu 2013 kuti sizololedwa, apilo mu 2018 inagwirizana nazo. Nde ngakhale loko wachoka pa failo, pa pepala malire akadalipo. Ku California anafika pokhazikitsa lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2025 loti sitolo isamalembe kuti gula popanda kunena momveka kuti ndi laisensi chabe, ngati chinthucho akhoza kudzakulanda. Zimenezo zikuonetsa kuti vuto silinali m'mutu mwathu ogula.

China choti mudziwe, kutsitsanso nyimbo yomwe unagula si lonjezo lamuyaya. Kampani ya woyimba ikachotsa chimbale m'sitolo kapena mgwirizano wawo ukatha, ukhoza kupita pa mndandanda wa zomwe unagula osachipezanso, ndipo ukasintha dziko la akaunti yako zina zimasowa chifukwa ziphaso za nyimbo zimayendera dziko. Google Play Music inkagulitsanso nyimbo, inatsekedwa mu 2020, anthu anapatsidwa nthawi yoti asamutse kapena atsitse zawo, amene anagona zinawapita. Kusiyana kwake ndi nthawi ya maloko n'koti amene anatsitsa ma MP3 awo sanataye kanthu, sitolo yafa nyimbo zikulirabe.

Tsopano kumene DRM inasamukira ndi ku ma apu omvera nyimbo polipira mwezi ndi mwezi, Spotify, Apple Music ndi anzawo. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndamvapo kangapo munthu akunena kuti ndadawuniloda nyimbo zanga zonse zili mu foni. Zili mu foni inde koma si zako, ndi zokhoma ngati zakale zija. Pa Spotify umaloledwa kutsitsa nyimbo mpaka 10,000 pa chipangizo chilichonse, zipangizo zosapyola 5, ndipo uyenera kulowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30 aliwonse apo ayi zotsitsazo zimachoka. Ukasiya kulipira zonse zatseka. Sungazikopere pa memore khadi n'kukaliza pa wailesi ya m'galimoto. Ndipo nyimbo ikhoza kungosanduka yotuwa pa mndandanda wako m'mawa umodzi chifukwa eni ake aichotsa. Koma awa sindiwakwiyira kwambiri chifukwa sanandinamize, ananena poyera kuti ndi lendi, ndipo pa ndalama yake umamvera nyimbo zankhaninkhani. Kwa ine apu yotere ndi yofufuzira nyimbo zatsopano, ndikapeza chimbale chomwe ndikudziwa kuti ndidzachifunabe zaka khumi zikubwerazi ndimakachigula kwina. Chosokoneza pa Apple n'choti zogula ndi zalendi zimakhala mu laibulale imodzi moyandikana, zimaoneka zofanana, nde munthu umadzazindikira tsiku losiya kulipira kuti theka la zomwe unkati ndi zako zinali zobwereka.

Sitolo imene ndimaikonda kuposa zonse ndi Bandcamp. Ukalipira amakufunsa kuti ukufuna mtundu wanji wa failo, MP3, FLAC, AAC, WAV ndi ina, wasankha, watsitsa, zatha, palibe loko palibe kuwerenga makompyuta. Ukafuna mawa kutsitsanso mu mtundu wina ukhoza. Iwo amatengapo mpaka 15 peresenti pa nyimbo zotsitsa, yotsalayo ikachotsedwa ya otumiza ndalama imapita kwa woyimba kapena kampani yake, ndipo kuyambira 2020 amakhala ndi masiku ena a Lachisanu omwe satengapo gawo lawo. Oyimba ambiri amakulolanso kulipira zoposa mtengo ngati wakonda. Kuipa kwake n'koti oyimba otchuka kwambiri a makampani akuluakulu ambiri mulibemo, nde ngati ukufuna nyimbo yomwe ikulira pa wailesi iliyonse mwina suipeza, komanso kufufuza kwake si kwapamwamba, umafunika kudziwa chomwe ukufuna. Qobuz ndi yabwino kwa okonda mawu apamwamba, imagulitsa FLAC yopanda loko ndipo za makampani akuluakulu zilimo, koma ndi yodulirapo ndipo siipezeka m'mayiko onse. Amazon ma MP3 ake ndi omasuka, kungoti imakukankhira kwambiri ku apu yake yolipira pamwezi moti batani logulira umachita kulisaka, ndiponso kugula kumatengera dziko lomwe uli.

Ndikudziwa ena anena kuti nanga oyimba atetezedwa bwanji, si iwe womwe umati azilipidwa? Eya azilipidwa, n'chifukwa chake ndimagula. Koma ndi woyimba uti amene analemera chifukwa cha loko? Nyimbo zinkabedwa maloko ali pomwepo, chimbale chinkapezeka pa masamba akuba tsiku lomwe chatuluka kapena chisanatuluke n'komwe. Chimene chinachepetsa kuba ndi pamene kulipira kunakhala kophweka kuposa kusaka failo yokayikitsa. Ndipo maloko atachoka mu 2009 masitolo sanagwe tsiku lotsatira, anthu anapitiriza kugula kwa zaka ndithu mpaka pamene kumvera kwa pamwezi kunalanda msika. A mafilimu ndi mabuku a pa intaneti phunziro limeneli sanalitolebe, kumeneko maloko akadali ponseponse, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nde musanalipire m'sitolo iliyonse yomwe simukuidziwa, yang'anani kuti akukupatsani failo yamtundu wanji. Akalemba MP3, FLAC, WAV kapena AAC yopanda DRM, pitirizani. Akanena kuti nyimbo zanu muzimvera mu apu yathu basi, kapena sakutchula n'komwe mtundu wa failo, imeneyo ndi lendi ngakhale batani likuti gula. Ine sitolo yatsopano ndimaiyesa ndi nyimbo imodzi yotchipa kaye, ndikatsitsa ndimaikopera pa fulashi, ndikuzimitsa intaneti, ndikukaitsegula pa kompyuta ina yomwe sinalowepo akaunti yanga. Ikalira ndiye ndibwerera kukagula chimbale chonse. Ndipo chilichonse chomwe mwagula tsitsani tsiku lomwelo, musunge malo awiri, pa kompyuta ndi pa disiki yapadera, risiti ya pa imelo ija musaifufute.